Kusankha Mfuti Yaing'ono ya .22 Yowombera Chandamale

Kapepala aka ndi ka anthu ofuna mfuti yamasewera, yowombera chandamale pamalo okonzedwa bwino. Za ulenje zili ndi malamulo akeake, sitizikamba muno. Musanayambe n'komwe kufunsa mitengo, pitani kupolisi. Kuno ku Malawi mfuti imafuna chiphaso malinga ndi lamulo la Firearms Act, ndipo yaing'onoyi sanaipatule ayi. Abale athu okhala ku South Africa ndi ku Britain nawonso amadutsa kupolisi yakomweko.

Chipolopolo chake

Sankhani mfuti yodya chipolopolo cha .22 Long Rifle, chomwe pabokosi amalemba .22 LR. Kampani ya Stevens ya ku America inachitulutsa mu 1887 ndipo chikugwirabe ntchito, mpaka pa mpikisano wa Olympics wa mamita 50. Chili m'gulu la rimfire: mankhwala oyatsa wonga ali m'mphepete mwa thako la chipolopolo, osati pakati, ndipo kamsomali ka mfuti kamamenya m'mphepetemo. Mutu wake ndi wamtovu, wolemera magalamu pafupifupi 2.6, ndipo chipolopolo wamba chimathamanga mamita pafupifupi 330 pa sekondi. Sichikankha phewa. Palinso .22 WMR ya mu 1959 ndi .17 HMR ya mu 2002, zaukali kuposa pamenepa, koma n'zodula ndiponso zovuta kupeza. Woboola pepala alibe nazo ntchito.

Mtundu wa mfuti

Mitundu ikuluikulu ndi iwiri. Pali yodzilowetsera yokha chipolopolo mukangowomba, monga Ruger 10/22 yomwe inayamba kupangidwa mu 1964 ndipo magazini ake amatenga zipolopolo 10. Ndi mfuti yabwino, koma imasankha zipolopolo, imatsamwa ikada, ndipo imamunyengerera wophunzira kumangokhuthula magazini osayang'ana komwe zikupita.

Ife timalimbikitsa ya bolt action, yomwe mumakoka chitsulo ndi dzanja kuti mutulutse khoko lotha n'kulowetsa chipolopolo china. Abale, imeneyi ndiye mphunzitsi weniweni! Chipolopolo chilichonse mumachiganizira. Chitsulo chikakhala chotsekula, aliyense pabwalo amaona ndi maso kuti mfutiyo siingawombe. Kutsuka kwake n'kosavuta, ndipo zoti zingathyoke n'zochepa. CZ 457 ya ku Czech Republic, Tikka T1x ya ku Finland ndi Savage Mark II ya kampani ya ku America zonse n'zodalirika. Mukapeza Brno Model 2 yakale yosamalidwa bwino, yamapepala olongosoka, musaipeputse chifukwa cha ukalamba. Mfuti imeneyo ikhoza kufika kwa adzukulu anu ikulasabe pamodzimodzi. Za Anschütz za ku Germany asiyireni a mipikisano. Mfuti yomwe mwasankha iikeni paphewa musanalipire, muone ngati chala chikufika pa chokokera popanda kusolola khosi.

Vuto lomwe tikuliona kwambiri

Apa werengani modekha. Anthu ambiri akaona kuchepa kwa chipolopolochi ndi kusaphokosera kwake, amaiyesa mfutiyi legeni. Ayi ndithu. Chipolopolo cha .22 LR chikawombedwa mopendekera kumwamba chimatha kuuluka mtunda wopitirira kilomita imodzi ndi theka, ndipo chimapha munthu. Yezani mtunda umenewo kuchokera pamene mwaima: muli sukulu, mjigo, njira yakumsika, ana oweta mbuzi.

Chimene timachipeza m'minda ndi kuseri kwa nyumba n'chomwechomwechi nthawi zonse. Munthu waika botolo pachitsa, kumbuyo kwake kuli chimanga chotalika, iye n'kumati kulibe munthu. Mwaona bwanji? Chimanga sichiimitsa chipolopolo. Mpanda waudzu, lata, chitseko chathabwa, zonsezi chimangoboola n'kumapita. Wina wakhomera pepala pamtengo wa mango. Akaphonya pang'ono, chapita. Winanso akuloza njiwa panthambi mfuti italunjika kumwamba, ndipo kumeneku ndiye kuwomba koipitsitsa, chifukwa palibe angadziwe komwe chikagwere.

Chinanso n'kunjanja. Chipolopolo chamtovu choyenda pang'onopang'ono chotere sichiphwanyika msanga. Chikagunda mwala, chitsulo, nthaka youma gwa ya mwezi wa Okutobala, ngakhale madzi a padamu, chimatembenuka n'kulowera kwina. Kulira kwa "pyuu" komwe ena amakuseka ndi chipolopolo chimene chasochera. Nachonso chulu, chomwe ambiri amachidalira, chikauma chimalimba kwambiri moti sitichivomereza pokhapokha mutaunjika dothi lofewa kapena matumba a mchenga kutsogolo kwake.

Choncho mangani chotchinga musanagule mfuti. Unjikani dothi lofewa lopanda miyala, lotalika kuposa munthu ndi lotambalala mbali zonse ziwiri, ndipo chandamale chikhale m'munsi, pafupi ndi muluwo. Chikhale chapepala, chifukwa mabotolo amasiya magalasi omwe amadzacheka ana ndi ziweto. Onse oonerera aime kumbuyo kwa wowomba. Wina akapita kukaona chandamale, mfuti zonse zigone pansi zitsulo zili zotsekula, magazini atachotsedwa. Za mowa sitikambirana n'komwe, ngakhale tikudziwa kuti masewerawa ena amawachita Loweruka masana cooler box ili pambali.

Mtengo

Sitingalembe chiwerengero pano, chifukwa mfuti ndi zipolopolo zimachokera kunja ndipo mitengo imayenda ndi ndalama zakunja. Kawirikawiri .22 LR ndiye chipolopolo chotsikirapo mtengo pa zonse, komabe funsani wogulitsa wovomerezeka ngati amakhala nacho chaka chonse. Powerengera musaiwale chiphaso, kabati yachitsulo yokhoma, magalasi oteteza maso, zotseka m'makutu ndi ndodo yotsukira. Galasi loonera patali lingadikire; yambani ndi zolozera zachitsulo ngati mfutiyo ili nazo.

Kuyamba ndi kusamala

Yambani pa mamita 25, kenako 50. Mfuti yolinganizidwa pa mamita 50 imagwetsa chipolopolo masentimita pafupifupi 15 mpaka 20 pofika mamita 100, ndipo mphepo imachikankha kwambiri, choncho musathamangire patali. Yesani mitundu iwiri kapena itatu ya zipolopolo, popeza mfuti iliyonse ili ndi zomwe imagwirizana nazo. Musamakoke chokokera mfuti ilibe kanthu: pa mfuti zambiri za rimfire kamsomali kamamenya chitsulo cha m'mphepete mwa polowera chipolopolo mumpope n'kuchiwononga. Mukamaliza pukutani ndi kansalu ka mafuta pang'ono, makamaka nyengo yadzinja, ndipo sambani m'manja musanadye chifukwa mtovu ndi poizoni. Mfuti ikhomeredwe yopanda chipolopolo, zipolopolo zikhomeredwe pena, makiyi akhale ndi mwini chiphaso yekha.