Phunziro 18: Nchito ya Amayi a ku Seguro

Ana inu, nyumba ikapsa pamudzi pathu timacita ciyani? Wina amabweretsa udzu, wina mitengo, wina ufa m'licero. Aliyense amapereka pang'ono, koma mwini nyumba amapeza pogona. Seguro, imene anzathu a ku Malawi ndi ku Zambia amati inshuwalansi, imayenda motero. Kusiyana kwake n'kwakuti anthu amasonkha tsoka lisanagwe. Eni magalimoto ambiri amapereka ndalama ku kampani caka ndi caka. Ngozi ikagwera mmodzi, kampaniyo imatapa m'thumba lomwelo n'kulipira zimene zaonongeka.

M'dziko lathu la Moçambique boma linakhazikitsa kampani ya seguro ya EMOSE mu 1977. Kwa zaka zambiri inali yokhayokha. Mu 1991 lamulo linalola kuti pakhalenso makampani ena. Mu 2003 kunatuluka lamulo lakuti galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale ndi seguro yolipira anthu ena amene ingawapweteke kapena kuwaonongera katundu. Seguro yokakamiza imeneyi siikonza galimoto ya wolakwayo. Imathandiza wolakwiridwa.

Koma ndalama sizicoka zokha m'thumba. Pamafunika munthu wofufuza cimene cinacitika, amene analakwa, ndi mtengo wa zoonongeka. Lero tiwerenga za amayi ena amene amagwira nchito imeneyi mumzinda wa Tete.

Amayiwa anakulira kumudzi, kufupi ndi Fingoè. Ankatunga madzi ndi kusinja ngati atsikana ena onse, koma sukulu sanaisiye. Atamaliza kalasi 12 anapeza nchito yolandira mapepala pakhomo la ofesi ya seguro. Ankawerenga pepala lililonse asanalipereke kwa akuluakulu. Motero anadziwa mawu a m'mapangano, maina a zitsulo za galimoto ndi mitengo yake. Patapita zaka anapatsidwa tebulo lawolawo ndi milandu ya ngozi. Tsopano amaphunzitsanso acinyamata amene angoyamba kumene nchito.

Tsiku lina, mvula ili pafupi, kunafika agogo ena aamuna pamodzi ndi mdzukulu wawo. Lole yonyamula cimanga inagunda ngolo yawo pamsewu wa N303, wocokera ku Bene kupita ku Fingoè. Gudumu linathyoka, ndipo ng'ombe imodzi mwa ziwiri inafa. Popanda ng'ombeyo agogowo sakanalima caka cimeneco.

Amayi aja anawapatsa mpando n'kunena kuti, "Agogo, fotokozani m'Cinyanja mmene zinayendera. Ine ndilemba m'Cipwitikizi, kenaka ndikuwerengerani kuti mumve ngati ndalemba zoona."

"Zikomo mwana wanga," anayankha agogowo. "Ife timayenda m'mbali mwa msewu. Tinangomva phokoso kumbuyo."

Woyendetsa lole anali atanena kale zina. Iye anati ngoloyo inalowa mumsewu mwadzidzidzi kucokera m'thengo. Nanga woona anali yani? Amayiwo sanafulumire kukhulupirira aliyense. Anawerenga pepala la apolisi apamsewu. Anafunsa mboni ziwiri palamya, aliyense payekha. Anayang'ana zithunzi za ngolo, ndipo anaona kuti inaphwanyika kumbuyo, osati m'mbali. Ngolo yodutsa msewu ikanagundidwa m'nthiti. Katswiri woyesa zoonongeka anaona lole n'kuvomereza zomwezo. Anaonanso mabuku a kampani, n'kupeza kuti mwini lole analipira seguro ya caka cimeneco.

Pamenepo mdzukulu uja anawanong'oneza kuti, "Amayi, ndinu a kwathu. Lembani kuti zafa ng'ombe zonse ziwiri, tigawana."

Amayiwo anakana. "Acimwene, thumba ili ndi la anthu ambiri. Ndikalemba bodza ndaba za wina amene adzabwera mawa ali ndi mwendo wothyoka. Agogo alandira zonse zimene anataya, osacepetsa, osaonjezera."

Anafunsa mtengo wa ng'ombe yolima m'misika ya kwathu kuno, anaonkhetsa ndi mtengo wokonzera ngolo, natumiza mapepala kwa akulu a kampani. Ndalama zitatuluka agogo anadinda cala, anagula ng'ombe ina, ndipo munda unalimidwa.

Sikuti milandu yonse imatha bwino cotere. Nthawi zina galimoto yogunda imathawa, palibe amene anawerenga nambala yake. Nthawi zina mwini galimoto sanalipire seguro. Nthawi zinanso pafa munthu, ndipo amayiwo ayenera kukambirana za ndalama ndi anthu amene akulira. Masiku otere amabwerera kunyumba mtima utalemera. N'cifukwa cake nchito imeneyi imafuna zinthu zinayi: kuwerenga mosamala, kudziwa masamu, kumvetsera moleza mtima, ndi kukana ciphuphu.

Kale anthu ankati nchito ya seguro ndi ya amuna okha. Ku London kuli msika wakalekale wa seguro, dzina lake Lloyd's. Mkazi woyamba kuloledwa kugwira nchito yoimira ogula seguro kumeneko anali Liliana Archibald, mu 1973. Mu 2014 mkazi wina, Inga Beale, anakhala mkulu woyendetsa msika wonsewo. Atsikana inu, galimoto siifunsa ngati woifufuza ndi mwamuna kapena mkazi.

Mukaona ngozi pamsewu, itanani akuluakulu kuti athandize ovulala. Werengani nambala ya galimoto, muilembe ngakhale pamcenga. Kumbukirani tsiku, nthawi ndi malo. Mukafunsidwa, nenani zokhazo zimene munaona ndi maso anu.

MAWU ATSOPANO

seguro: kusonkherana ndalama tsoka lisanagwe
apólice: pepala la pangano la seguro
prémio: ndalama zimene mwini galimoto amapereka ku kampani
sinistro: ngozi imene kampani yauzidwa kuti ilipire
perito: katswiri woyesa zoonongeka
testemunha: mboni
indemnização: cipepeso ca ndalama kwa wolakwiridwa

MAFUNSO

1. Kodi seguro ikufanana bwanji ndi zimene timacita nyumba ikapsa? Nanga ikusiyana pati?
2. Lamulo la 2003 limateteza yani?
3. Amayi aja anadziwa bwanji kuti lole ndiyo inalakwa?
4. N'cifukwa ciyani anakana pempho la mdzukulu wa agogo? Inu mukanatani?
5. Chulani zinthu zinayi zofunika pa nchito imeneyi.

MASAMU

Tiyerekeze kuti eni magalimoto 200 apereka metikali 3000 aliyense. M'thumba muli ndalama zingati? Ngati caka cimeneco kwacitika ngozi 8, ndipo iliyonse yalipiridwa metikali 50 000, zatsala zingati?

NCHITO YA KUNYUMBA

Funsani makolo anu za ngozi ya pamsewu imene anaiona. Lembani ziganizo zisanu m'Cinyanja: liti, kuti, cinacitika n'ciyani, cinaonongeka n'ciyani, anathandiza ndani. Musalembe maina a anthu. Mawa tidzatembenuza ziganizozo m'Cipwitikizi tonse pamodzi.