Maganizo Akachuluka Pakhomo: Zimene Uphungu Umachita

Munthu akamadandaula mutu, msana, kugunda kwa mtima ndi kusowa tulo, kuchipatala n'kumuyeza malungo, BP ndi shuga koma osapezeka kanthu, pakhomo timathamangira kunena kuti walodzedwa kapena wayamba ulesi. Kawirikawiri chimene chikumudya ndi maganizo. Matenda okhumudwa ndi nkhawa amamveka m'thupi, ndipo amachizika.

Muyambe kukayikira matendawa ngati kwa masabata 2 kapena kuposerapo m'bale wanu ali wosakondwa tsiku ndi tsiku, wasiya zimene ankazikonda, sakudya bwino, akudzuka pakati pa usiku n'kukhala maso mpaka tambala kulira, akupsa mtima ndi zazing'ono, kapena akumangonena kuti ndi wachabechabe. Abambo ambiri sanena kuti akhumudwa, poti anakula akuuzidwa kuti mwamuna salira. Iwo amangowonjezera mowa n'kumafika pakhomo usiku.

Uphungu si malangizo a ankhoswe

Ankhoswe ndi anamkungwi amauza munthu chochita, ndipo ntchito yawo ili ndi malo ake. Phungu wophunzitsidwa sagamula mlandu. Amamvetsera, amafunsa, kenako amathandiza mwini vutolo kupeza njira yake. Zimene mwakambirana zimakhala zachinsinsi, pokhapokha moyo wanu kapena wa munthu wina ukakhala pachiopsezo.

Njira imodzi yodziwika bwino inayambira ku Harare mu 2006, pamene Dr Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kupereka uphungu atakhala pabenchi kunja kwa chipatala. Imatchedwa Friendship Bench, ndipo munthu amakumana ndi phungu pafupifupi maulendo 6. Kachitidwe kake n'kosavuta kukamvetsa.

Tiyerekeze ndi mayi wogulitsa tomato pamsika. Ali ndi ngongole ku banki m'khonde, fizi ya mwana wa Fomu 2 sinalipidwe, bambo anapita ku Joni ndipo anasiya kutumiza ndalama. Usiku zonsezi zimabwera pamodzi, iye osadziwa poyambira. Tsiku loyamba phungu amamulola alankhule, alire ngati akufuna, kenako amatchula limodzi mavuto onse limodzilimodzi. Ndiye amafunsa: "Mwa onsewa, ndi liti limene mungaligwire sabata ino?" Za bambo ali ku Joni sizili m'manja mwa mayiyo. Ngongole ili m'manja mwake. Amaganizira njira zonse, zanzeru ndi zopanda nzeru zomwe: kukongola katapila, kugulitsa mbuzi, kuthawa gulu, kupempha kubweza pang'onopang'ono. Iliyonse amaiona ubwino ndi kuipa kwake, mayiyo n'kusankha yekha. Pochoka amakhala atanena tsiku ndi nthawi: Lachitatu m'mawa, asanapite kumsika, akaonana ndi wapampando wa gulu. Sabata yotsatira amadzanena mmene zinayendera. Zikakanika, amasankha njira ina popanda womudzudzula.

Ngongoleyo siitha tsiku limenelo. Chimene chimasintha n'chakuti munthu amene ankaona kuti palibe chimene angachite wachitapo chimodzi, ndipo luso limenelo amatsala nalo uphungu ukatha. Vuto lina likadzabwera, adziwa kuligawa.

Phungu amathandizanso munthu kubwerera ku zinthu zimene anazisiya, asanayambe n'komwe kuzilakalaka: kuthirira kudimba, kupita kukwaya, kukaonera mpira. Wokhumudwa amadikira kuti mtima ukhale kaye bwino, chonsecho nthawi zambiri mtima umatsatira miyendo. Amaunikanso naye maganizo monga akuti "ndalephera zonse", n'kumufunsa umboni wake. Amene akulera ana atatu yekha sanalephere zonse.

Mabala a zoopsa

Chichitikireni namondwe wa Freddy mu March 2023, alipo anthu ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe amene mvula ikangoyamba kugunda pamalata thupi lonse limanjenjemera. Chimodzimodzi amene anagwiriridwa, kumenyedwa m'banja kapena kupulumuka pangozi ya pamsewu: maloto oopsa, kudzidzimuka, kupewa malo ena. Musawakakamize kufotokoza zimene anaona, ndipo musawauze kuti aiwale. Zizindikirozi zikapitirira mwezi, apite kwa phungu, amene amadziwa kuyenda nawo pang'onopang'ono pa nkhani yotere.

Nanga mankhwala ndi mapemphero?

Matenda akakula, dokotala angawonjezere mankhwala monga amitriptyline kapena fluoxetine. Sagwira ntchito ngati Panado. Pamapita masabata 2 mpaka 4 munthu asanayambe kumva kusintha, ndipo amafunika kumwabe kwa miyezi ingapo atapeza bwino. Osasiya popanda kuuzidwa ndi dokotala. Nenani ngati muli oyembekezera, mukuyamwitsa, kapena mukumwa ma ARV kapena mankhwala a TB. Mowa ndi chamba zimabweza m'mbuyo machiritso.

Kupemphera sikulimbana ndi uphungu. Pitani kutchalitchi kapena kumzikiti, koma tsiku la kuchipatala musalumphe. Amene akukuuzani kuti mutaye mankhwala poonetsa chikhulupiriro akuika moyo wanu pachiswe.

Mbali ya apakhomo

Mawu akuti "limba mtima" ndi "ena akuvutika kuposa iwe" amatseka pakamwa. Khalani naye pansi, foni ili patali, munene kuti: "Achimwene, ndaona simukugona masiku ano. Chikuvuta n'chiyani?" Kenako khalani chete, mumve. Muperekezeni kuchipatala, muthandizeni ntchito zina, koma musamulande zonse. Nkhani yake musaitengere kuchitsime kapena pagulu la WhatsApp la banja.

Zosadikira mawa

Munthu akamanena zakufa, akamatsanzika, kapena akamagawa katundu wake mosadziwika bwino, mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuikira maganizowo m'mutu. Ambiri amapepukidwa kuti wina waona. Akavomera, musamusiye yekha. Chotsani m'nyumba mankhwala a mbewu, a makoswe ndi mapiritsi onse, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chitani chimodzimodzi kwa mayi amene wangobereka kumene n'kuyamba kusokonezeka, kumva mawu a anthu osaoneka kapena kukana mwana.

Kopita

Yambirani kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena pachipatala chaching'ono chapafupi. Pachipatala chachikulu cha boma m'boma lanu funsani namwino woona za matenda a m'maganizo. Thandizo lake ndi laulere. Matenda aakulu amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital, ndipo a St John of God amathandiza ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Za nkhanza kapena kugwiriridwa kanenaninso ku Victim Support Unit kupolisi. Popita tengani buku la kuchipatala ndi mankhwala onse amene wodwalayo akumwa, azitsamba omwe, ndipo musachoke musanalemberedwe tsiku lobweranso.