Kodi Mivi Inali Ndalama?

Funso: Akuti Agiriki akale ankagulira zinthu mivi. Kodi n'zoona?

Yankho: N'zoona ndithu, koma osati Agiriki onse. Zinkachitika m'zaka za m'ma 500 B.C. m'mizinda imene Agiriki ochokera ku Miletus anamanga m'mphepete mwa nyanja ya Black Sea, monga Histria, Apollonia ndi Olbia. Ankasungunula mkuwa n'kupanga timitu ta mivi tobuntha, toti simungalasire ngakhale kalulu. Akatswiri ena amati anasankha mivi chifukwa anansi awo ochita nawo malonda, makamaka Asukuti, ankailemekeza kwambiri, ndipo ine ndikuona kuti n'zomveka. Pambuyo pake ku Olbia, m'dziko la Ukraine lamakono, anayamba kupanga tindalama tooneka ngati nyama ya m'nyanja yotchedwa dolphin, tina tolembedwa mayina a anthu.