GALU WOKUSA NKHOSA WA UBWEYA WAUTALI: ZOYENERA KUDZIWA ALANGIZI

Mau Oyamba

Pa mafamu ambiri a nkhosa ku South Africa, galu wa mtundu wa Border Collie amagwira ntchito yosonkhanitsa ziweto kubusa ndi kuzilowetsa m'khola. Mlimi amene waona luso la galuyu akhoza kufunsa mlangizi ngati nkoyenera kumugula. Yankho loona ndi lakuti galuyu amapindulitsa mlimi yekhayo amene angathe kumusamala tsiku ndi tsiku, pakuti ubweya wake wautali umabisa zilombo ndi zilonda zimene zingamuphe m'dera lotentha.

Chiyambi cha Mtunduwu

Border Collie anachokera ku mapiri ozizira a m'malire a England ndi Scotland. Ambiri mwa agalu a mtunduwu ndi zidzukulu za galu wotchedwa Old Hemp, yemwe anabadwa mu 1893 ku Northumberland. Bungwe la International Sheep Dog Society, lomwe limasunga kaundula wa agalu okusa nkhosa, linakhazikitsidwa mu 1906.

Galu wamkulu amalemera makilogalamu pakati pa 14 ndi 20. Ali ndi ubweya wa mitundu iwiri: wakunja wautali woteteza ku mvula, ndi wam'kati wofewa wosunga kutentha. Ntchito yake ndi kukusa ziweto, osati kuzilondera. Mlimi amene vuto lake ndi afisi kapena akuba afunika galu wa mtundu wina, monga Anatolian, yemwe bungwe la Cheetah Conservation Fund linayamba kupereka kwa alimi a ku Namibia mu 1994.

Kusamala Ubweya

Galu apesedwe kawiri kapena katatu pa sabata, ndipo tsiku lililonse pa nyengo imene akuthothoka ubweya. Malo opotana msanga ndi kuseri kwa makutu, m'khwapa, pamimba ndi kumchira. Ubweya ukapotana umasunga chinyezi, khungu nkuyamba zilonda zimene zimaitana ntchentche. Njere za udzu ndi za chisoso zichotsedwe galu akangobwera kubusa, makamaka pakati pa zala.

Kumeta galu mpala si njira yomupepuzira kutentha, chifukwa ubweya wakunja umatchinjiriza khungu ku dzuwa. Chofunika ndi kupesa ubweya wakufa wam'kati kuti mphepo ifike pakhungu.

Nkhupakupa

Pa galu wa ubweya wautali nkhupakupa sizioneka ndi maso. Zimapezeka pofufuza ndi zala madzulo aliwonse. Nkhupakupa zimafalitsa kachilombo ka Babesia kamene kamaphwanya maselo ofiira a magazi. Galu amatentha thupi, amakana chakudya, usinini umayera kapena kusanduka wachikasu, ndipo nthawi zina mkodzo umafiira. Matendawa amatha kupha m'masiku ochepa, choncho galu aonedwe ndi dokotala wa ziweto tsiku lomwelo.

Chenjezo pa Mankhwala

Alimi ena amabaya agalu mankhwala a ivermectin opangira ng'ombe ndi nkhosa. Kwa agalu a banja la Collie mchitidwewu ndi woopsa. Mu 2001 akatswiri a pa Washington State University anapeza chilema chobadwa nacho, chotchedwa MDR1, chimene chimalola mankhwalawa kulowa mu ubongo. Galu amadzandira, amatuluka dovu, amachita khungu, ndipo akhoza kufa. Chilemachi nchofala kwambiri mwa Rough Collie, koma chimapezekanso mwa Border Collie ochepa, ndipo sichidziwika ndi maso. Mankhwala a dibi ndi jekeseni za ziweto zisagwiritsidwe ntchito pa galu popanda malangizo a dokotala.

Kutentha

Galu amadziziziritsa powefuka, pakuti satuluka thukuta ngati munthu. Thupi lake limakhala pa madigiri 38 mpaka 39. Likapitirira 41 moyo uli pachiswe. Border Collie saleka ntchito yekha ngakhale atatopa, motero mbusa ndiye ayenera kumuletsa. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala galu agwire ntchito m'mawa ndi madzulo okha, ndipo madzi ndi mthunzi zikhale pafupi. Galu wolefuka ndi kutentha athiridwe madzi ozizira pamimba ndi m'miyendo asanatengeredwe kwa dokotala.

Thanzi la Khola ndi la Banja

Galu amene amadya mitu, mapapo kapena chiwindi chosaphika cha nkhosa amatenga njoka zam'mimba, ndipo mazira ake amagwera pa msipu kudzera m'chimbudzi. Nkhosa kapena mbuzi ikawadya imatha kuchita chotupa cha madzi mu ubongo nkumangozungulira malo amodzi. Mtundu wina wa njokazi, wotchedwa Echinococcus, umayambitsa zotupa m'chiwindi cha munthu. Zam'kati za ziweto ziphikidwe kapena zikwiriridwe mozama, ndipo galu amwe praziquantel monga alangizira dokotala. Katemera wa chiwewe ayambe galu ali ndi miyezi itatu, nabwerezedwe malinga ndi lamulo la dziko lililonse.

Udindo wa Mlangizi

Mlimi asanagule galu, mlangizi akambirane naye mafunso awa:

1. Kodi ziweto nzochuluka kotero kuti galu adzapeza ntchito tsiku lililonse? Galu wotere akamangokhala pa unyolo amayamba kuthamangitsa nkhuku ndi ana.
2. Ndani pabanjapo adzapese galu ndi kumuphunzitsa? Maphunziro pa ziweto amatenga miyezi yambiri.
3. Kodi chakudya chomanga thupi chilipo? Nsima yokha siikwanira galu wantchito.
4. Kodi dokotala wa ziweto ali kutali bwanji?

Ngati mayankho ndi osakhutiritsa, mlangizi alimbikitse mlimi kusankha Border Collie wa ubweya waufupi, yemwe amakusa nkhosa mofanana, kapena kudikira kaye mpaka zofunikazo zitapezeka.