Dayamondi Nayonso Imabenthuka

Mnyamata wina wa ku Malawi wogwira ntchito ku Johannesburg anadzimana kwa nthawi yaitali kuti agulire bwenzi lake mphete ya chinkhoswe. M'sitolo anamuonetsa miyala iwiri ya dayamondi yolemera mofanana, uliwonse theka la karati. Wina unali wozungulira, wina wautali ngati bwato, wosongoka uku ndi uku, umene ogulitsa amautcha marquise. Wautaliwo unkaoneka waukulu pachala, ndipo mtengo wake unali wotsikirapo. Mnyamatayo analipira osafunsa kanthu, poti anali atamva kuti palibe mwala wolimba kuposa dayamondi.

Mtsikanayo ankagwira ntchito m'khitchini ya lesitilanti. Tsiku lina akutsuka mapoto, mphete inagunda m'mphepete mwa sinki, nsonga imodzi n'kubenthuka. Mnyamata uja atabwerera kusitolo anauzidwa kuti ngozi yotere si mlandu wa wogulitsa. Chotheka chinali kusemanso mwalawo, ndipo ukatero umachepa, mtengo wake n'kutsika. Safunsa anadya phula.

Zoona, dayamondi sikandika ndi mwala wamtundu wina. Koma m'kati mwake muli njira zimene imang'alukira ikamenyedwa molunjika. Amisiri amadziwa zimenezi kuyambira kale. Mu 1905, pa mgodi wa Premier pafupi ndi Pretoria, panapezeka dayamondi ya Cullinan yolemera makarati 3,106. Mu 1908, ku Amsterdam, Joseph Asscher anaisema kamzera, anaikapo mpeni wachitsulo, anamenya, chimwala chonsecho n'kugawika pawiri. Zimene iye anachita mwadala, chitseko cha galimoto chingachite mwangozi, makamaka pamene mwala uli wopyapyala, pansonga ndi pangodya.

N'chifukwa chake kaumbidwe ka mwala si nkhani ya maso okha. Miyala yotchedwa marquise ndi pear komanso yooneka ngati mtima ili ndi nsonga, ndipo princess uli ndi ngodya zinayi zakuthwa. Yonseyi imafuna timano tachitsulo tophimba nsongazo, kapena mkombero wozinga mwala wonse. Oval ilibe nsonga, koma ikasemedwa molakwika pakati pake pamadutsa mthunzi wakuda, ndipo vuto lomweli limapezekanso pa marquise ndi pear. Dayamondi ya kaumbidwe kotchedwa emerald ngodya zake n'zodula kale, choncho sizibenthuka msanga, koma mbali zake zazitali zosalala sizibisa kachilema kalikonse ka m'kati.

Wozungulira uja umadula pazifukwa zomveka. Posema, gawo lalikulu la mwala limatayika, komanso anthu ambiri amafuna womwewo. Uli ndi timbali 57 kapena 58, ndipo mu 1919 Marcel Tolkowsky anawerengera miyeso yothandiza kuti uziwala kwambiri. Kwa zaka zambiri satifiketi ya bungwe lounika miyala la GIA la ku America yakhala ikupereka giredi ya kasemedwe pa miyala yozungulira yokha. Pa inayo, wogula ayenera kudziyang'anira yekha, makamaka pa kuwala kwa masana, chifukwa magetsi a m'sitolo amakometsa chilichonse.

Tsono musanatulutse ndalama, yambani mwaganizira ntchito imene manja a wovalayo amagwira tsiku ndi tsiku. Namwino, wophika kapena woluka tsitsi amafunika mwala wokhala pansi, wotetezedwa m'mbali. Funsaninso wogulitsa kuti mwalawo ukabenthuka adzalipira ndani, ndipo yankho lake akulembereni papepala musanachoke m'sitolomo.