MSUZI WA NKHUKU NDI MASAMBA PA TSIKU LA PHWANDO

M'midzi ya m'boma la Mangochi, kuyambira ku Monkey Bay mpaka ku Makanjira ndi m'mbali mwa nyanja ya Malombe, ndiwo ya masiku onse ndi nsomba. Koma likafika tsiku lalikulu, monga Idi, Khirisimasi, kutuluka kwa ana ku jando, kapena kulandira mwana wochokera ku Johannesburg, usipa ndi utaka zimayamba zapuma, ndipo nkhuku ndiyo imaphedwa. Mabanja ena amasoketsa zobvala za nsalu imodzi kuti tsikulo lisiyane ndi masiku ena. Zonsezo nzabwino, koma pali bvuto limodzi lopezeka pafupifupi pa phwando liri lonse. Nkhuku ndi imodzi, anthu ndi khumi. Nthutumba ndi ntchafu zimapita kwa alendo ndi abambo, ndipo ana, amene matupi ao afuna nyama koposa akulu, amatsala ndi mutu ndi zipalapasiro.

Phunziro ili lifotokoza kaphikidwe kena, kotchedwa supu, kamene nkhuku imodzi imakwanira nako banja lonse. Lifotokozanso zoyenera kusamala kuti chisangalalo chisathere ku chipatala.

MASAMBA OTCHEDWA WATERCRESS

M'mabuku ophunzitsa zophikaphika a ku maiko ena, supu wa nkhuku nthawi zina amathiramo masamba otchedwa watercress. Kwao kwa chomera chimenechi ndi ku Ulaya ndi ku Asia. Chimamera m'madzi oyenda ndi ozizira, masamba ake ndi ang'onoang'ono obiriwira kwambiri, ndipo pakamwa amawawa pang'ono monga mpiru. Ku Mangalande anayamba kuchilima mogulitsa m'chaka cha 1808, pamene William Bradbery anachidzala m'chigawo cha Kent. Ku China nakonso amachiphika mu msuzi wa nyama.

Popeza chomerachi sichikonda kutentha, amai a kunyanja sadzachipeza pa msika wa kwao. Izi zisawadetse nkhawa. Watercress ndi mpiru ndi za mtundu umodzi, pamodzi ndi kabichi, repu ndi tanaposi. Mpiru wanthete wa m'dimba ulowa m'malo mwake bwino lomwe. Pamene mpiru palibe, luni, bonongwe kapena masamba a cham'mwamba achita ntchito yomweyo. Masamba onsewa amaonjezera magazi m'thupi, ndipo ali ndi Vitamini A amene amathandiza maso ndi kuteteza ana ku matenda.

NGOZI YA MASAMBA A M'MADZI

Wina akamva kuti watercress amamera m'madzi, angaganize zokathyola masamba ali onse a m'dambo kapena m'mphepete mwa Shire. Apa ndi pofunika kuchenjera, pakuti m'madzi odikha mumakhala nkhono zosunga matenda awiri.

Oyamba ndi likodzo, limene ladziwika kwambiri ku Nankumba, ku Cape Maclear ndi m'midzi yina ya m'mbali mwa nyanja. Munthu salitenga likodzo pakudya masamba ai. Amalitenga poima m'madzi, pakuti tizirombo totuluka mu nkhono timaboola khungu ndi kulowa m'thupi. Mwana wotumidwa kukathyola ndiwo m'dambo angathe kubwera nalo. Wokodza magazi apite ku chipatala, kumene kuli mankhwala otchedwa praziquantel.

Achiwiri ndi nyongolotsi za m'chiwindi. Opha ng'ombe amazidziwa: ndi zija zaphanthiphanthi ngati tsamba, zimene zimaonongetsa chiwindi cha ng'ombe zodya m'madambo. Ana a nyongolotsi zimenezi akatuluka mu nkhono amamatirira pa masamba a m'madzi, ndipo saoneka ndi maso. Kutsuka kokha sikuwachotsa onse. Munthu akadya masambawo osaphika, nyongolotsi zimakakulira m'chiwindi chake. Moto ndiwo umazipha. Chifukwa chake lamulo ndi ili: masamba a phwando achokere m'dimba lodziwika, ndipo ali onse omera m'madzi, ngakhale watercress weniweni, asadyedwe aawisi.

KUSANKHA NKHUKU

Nkhuku yabwino ya supu ndi yachikuda yokhwima, makamaka thadzi limene lasiya kuikira. Nyama yake ndi yolimba, koma msuzi wake ndi wokoma kuposa wa nkhuku zoyera za m'masitolo. Motero banja silitaya msoti umene ukanaswa anapiye.

Nkhukuyo ikhale yamoyo bwino, yoyenda ndi kudya yokha. Yoodzera, yopinda khosi kapena yotsegula m'mimba iri ndi matenda, mwina chitopa, chimene chimatha nkhuku m'midzi makamaka m'nyengo yotentha. Yotere isaphikiridwe alendo, ndipo yofa yokha ikwiriridwe. Amene afuna kukhala ndi nkhuku pa tsiku la phwando ayambe kale kutemeretsa. Katemera wa chitopa wotchedwa I-2 amadontheza dontho limodzi m'diso la nkhuku miyezi inai iri yonse, ndipo alangizi a ziweto amadziwa kumene amapezeka.

M'boma la Mangochi Asilamu ndi Akhristu amakhala mudzi umodzi, ndipo ambiri ndi pachibale. Mwini phwando wanzeru amaitana Msilamu kudzachinja nkhuku monga mwa mwambo wao, kuti pasapezeke mlendo wokana mbale.

ZOFUNIKA ZA ANTHU KHUMI

Nkhuku 1 yaikulu
Madzi malita 4
Anyezi 2 ndi matimati 4
Mbatata ya kachewere 6
Nsinjiro kapu 1
Mpiru wanthete mitolo 2
Mandimu 2
Mchere, ndi adyo ngati alipo

Aphunzitsi aone kuti mumphika umodzi umenewu mwalowa pafupifupi magulu onse asanu ndi limodzi a zakudya amene a zaumoyo amaphunzitsa. Nkhuku ndi ya gulu la zanyama, mbatata ndi yokhutitsa, nsinjiro ndi za gulu la nyemba, mpiru ndi masamba, ndimu ndi chipatso, ndipo mafuta atuluka m'khungu la nkhuku ndi mu nsinjiro. Palibe chifukwa chogulira mafuta ophikira.

KAPHIKIDWE KAKE

Choyamba, amai asosole nkhuku, aiwaule ndi kuitumbula, osaphulitsa ndulu. Aidule nthuli zikuluzikulu. Akatha atsuke mpeni, thabwa ndi manja ndi sopo asanakhudze masamba, pakuti nyama yaiwisi ya nkhuku imakhala ndi tizirombo totsegula m'mimba.

Chachiwiri, aike nthulizo mumphika ndi madzi ozizira, pamodzi ndi khosi, mapiko ndi zipalapasiro zosenda bwino, chifukwa mafupa ndiwo akometsa msuzi. Madzi akawira achotse thobvu ndi chipande, athire anyezi, adyo ndi mchere, abvundikire, ndi kuchepetsa moto. Nkhuku yachikuda iphike pang'onopang'ono ola limodzi ndi theka kapena maola awiri, kufikira nyama iyamba kuchoka yokha ku mafupa. Apa mpamene wophika akumbukire kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Chachitatu, abvuule nyama, achotse mafupa onse, ndi kunyenya mnofu tizidutswa ting'onoting'ono. Nthutumba aisunge padera kuti ipite kwa mlendo wolemekezeka monga mwa mwambo. Mafupa a nkhuku amasweka mosongoka, tsono asatsale ngakhale limodzi, poopa kuti lingatsamwitse mwana.

Chachinai, mu msuzi wotsala pamoto athiremo mbatata yoduladula ndi matimati. Mbatata ikapsa aiphwanye ndi mthiko kuti msuzi ulimbe. Asungunule nsinjiro m'madzi pang'ono, azithire, ndi kutakasa mphindi khumi kuti zisapserere pansi.

Chachisanu, abwezeremo nyama ija, ndipo potsiriza athire mpiru wotsuka ndi wodula bwino. Ubwate mphindi zisanu zokha, msuzi uli kuwira ndithu. Soda kapena chidulo asathiremo, pakuti zimaononga mabvitamini a m'masamba, monganso amaonongekera masamba akakhalitsa pamoto. Akaphula afinyiremo mandimu, amene amathandiza thupi kulandira zoonjezera magazi za m'masamba.

Supu wotere ndi wolimba, ndipo adyeka ndi mpunga kapena nsima. Chipande chiri chonse chituluka ndi nyama, masamba ndi msuzi, kotero kuti mwana wamng'ono alandira gawo lofanana ndi la agogo ake.

NTHAWI YOGAWA

Chakudza sichiimba ng'oma. Mliri wa kolera umene unayamba m'boma la Machinga mu March 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko lino, ndipo Mangochi linali limodzi la maboma amene anabvutika koposa. Kolera imayenda m'madzi ndi m'zakudya zimene zakhudzidwa ndi chimbudzi cha munthu wodwala, ndipo pamene anthu ambiri adyera pamodzi ndi pamene ingafale msanga.

Chifukwa cha ichi madzi akumwa, otsukira masamba ndi otsukira mbale akhale a pa mjigo, owiritsa, kapena othira klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa. Madzi otunga m'nyanja asagwiritsidwe ntchito osayamba atetezedwa chotero. Alendo asasambe m'manja mu beseni limodzi. Mwana mmodzi aime ndi jagi ndi sopo, ndi kuthirira ali yense payekha, madzi nagwera pansi kapena mu beseni lina.

Supu agawidwe ali wotentha, ana ayambe kulandira, ali yense m'mbale yake. Kunyanja nkotentha, ndipo msuzi wa nyama ndi nsinjiro suchedwa kusasa. Usakhale maola oposa awiri utaphulidwa. Wotsala ubvundikiridwe poopa ntchentche, ndipo uwiritsidwenso mpaka kubwata usanadyedwe madzulo. Wina akayamba kutsegula m'mimba pambuyo pa phwando, amwetsedwe Thanzi ORS nthawi yomweyo ndi kupita naye ku chipatala msanga, osadikira kuti kuche.

MAFUNSO A M'KALASI NDI M'MAGULU A AMAI

1. Kodi ndi masamba ati a kuno amene angalowe m'malo mwa watercress?
2. Kodi likodzo limalowa bwanji m'thupi, ndipo nyongolotsi za m'chiwindi zimalowa bwanji?
3. Nchifukwa ninji masamba athiridwa potsiriza, ndiponso opanda soda?
4. Kodi ndi magulu ati a zakudya amene ali mu supu ameneyu?
5. Nchifukwa ninji kusamba m'manja mu beseni limodzi kuli koopsa?

Aphunzitsi ndi atsogoleri a magulu a amai akupemphedwa kuwerengera phunziro ili anzao amene sadziwa kuwerenga. Ndi bwino gulu lisonkhe nkhuku imodzi ndi kuyesa kaphikidwe kameneka pamodzi tsiku la phwando lisanafike, kuti mai ali yense aone ndi maso ake kuchuluka kwa mbale zotuluka mu nkhuku imodzi.