Magiredi Akapanda Kukwana, Usazimitse Foni

Mwana wanga, yunivesite ikakuuza kudzera ku UCAS, bungwe lofunsirako malo m'mayunivesite, kuti idzakutenga ukapeza ma B atatu pa A-level, malowo sanakhale ako. Ndikubwereza, sanakhale ako. Akuluakulu amati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Koma ife Amalawi a kuno ku Britain nkhani yabwino sitigona nayo. Lonjezo lotere, lotchedwa conditional offer, likangofika mu Febuluwale, kumudzi amva kale pa WhatsApp, kutchalitchi alengeza, azakhali ayamba kukugulira mapoto okaphikira. Iwe mayeso usanalembe. Mayeso ali mu Meyi ndi Juni, ndipo zotsatira zake zimadikira mpaka Lachinayi la pakati pa Ogasiti.

Werenga. Limbikira. Zimenezo aphunzitsi akuuza kale. Ine ndikufuna tikambe za Lachinayi limenelo, ngati zinthu zitapanda kuyenda, chifukwa makolo ambiri amaopa kulitchula ngati kuti kutero n'kulodza mwana.

Ine ndinabwera kuno ndili mtsikana, kutsatira mayi anga amene ankagwira ntchito yaunamwino. Yunivesite inkafuna ma B atatu. Mu envelopu ndinapezamo B, C ndi D. Ndinaipinda kawiri, n'kuibisa mu thumba la jekete, n'kutuluka pa geti la sukulu osalankhula ndi mphunzitsi aliyense. Kunyumba ndinazimitsa foni, n'kutseka makatani. Mayi atabwera kuchokera ku shifiti ya usiku, maso ali psuu ndi tulo, anaima pakhomo la chipinda ndi yunifomu yawo n'kufunsa kuti zayenda bwanji. Ndinati zina sizinatuluke. Bodza.

Pamene ine ndinkalira mu bulangete, anzanga ena amene anakhoza mochepera ine anali pa foni. Madzulo a tsiku lomwelo anali ndi malo. Mmene ndinkadzatsegula pakamwa patapita masiku, maphunziro amene mtima wanga unkafuna anali atadzaza paliponse pamene ndinaimba. Sikuti D uja ndiye ananditsekera chitseko. Anali manyazi.

Ndiye imva. M'mawa wa tsikulo, usanagwetse msozi, tsegula UCAS Hub. Cha m'ma 8 koloko imakhala ikuonetsa kale zimene mayunivesite agamula, popeza iwo amalandira magiredi ako iwe usanawaone. Kawirikawiri munthu akaphonya ndi giredi imodzi amamutengabe. Nthawi zina amamupatsa maphunziro ena ofananako, kuti avomere kapena akane m'masiku ochepa. Ngati sipanalembedwe chilichonse, imba ufunse. Safunsa anadya phula.

Chitetezo chako chenicheni umachikonza kale, miyezi ingapo zotsatira zisanatuluke. UCAS imalola kufunsira malo asanu, kenako umatsala ndi awiri: firm, kumene ukufunitsitsa, ndi insurance, pothawira. Pothawirapo pazifuna magiredi otsikirapo. Ine ndinasankha mayunivesite awiri ofuna magiredi ofanana, chifukwa onse anali ndi maina omveka bwino mayi akamawatchula kwa anzawo. Onse anandikana ola limodzi. Usasankhire dzina. Komanso usaike pa insurance malo amene sungakakhaleko n'komwe, chifukwa akakutenga ndiye kwako kumeneko, pokhapokha utadzitulutsa wekha.

Onse awiri akakukana, pali Clearing, njira yofunsira malo amene atsala m'mayunivesite. Imatsegulidwa mu Julayi mpaka Okutobala, koma usanyengeke ndi miyezi imeneyo. Malo abwino amatha tsiku la zotsatira ndi mawa lake. Khala patebulo ndi cholembera, nambala yako ya UCAS, nambala ya Clearing, magiredi a A-level ndi a GCSE omwe. Imba wekha. Asaimbe mayi, asaimbe malume amene amayankhula Chingerezi cha m'mphuno. Mayunivesite amafuna kumva mawu a mwini wake, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mawu anjenjemera, inde. Oyankha mafoni tsiku limenelo ambiri ndi ophunzira a pomwepo, ndipo amamva mawu onjenjemera kuyambira m'mawa. Lemba dzina la amene wayankhula naye, maphunziro amene wakulonjeza, ndi nthawi imene lonjezolo litha. Imba kwinanso usanasankhe.

Apa pali dzenje lina, ndipo ndi limene linandidya kwambiri. Nditaona kuti anzanga onse akulongedza masutikesi, ndinagwira chilichonse chimene chinatsala. Maphunziro amene sindinkadziwa ngakhale zimene amaphunzitsa, mu mzinda umene ndinali ndisanaupondepo. Ndinkangofuna kuti anthu azinena kuti nayenso wapita. Ndinapitadi. Chaka chisanathe ndinali nditasiya kulowa m'kalasi, ndipo ndinabwerera kwathu ndi ngongole basi. Kuthamanga sikufika.

Dziwa mmene ndalamazi zimayendera. Ku England ngongole ya fizi imaperekedwa pa zaka za maphunziro ako kuwonjezerapo chaka chimodzi chokha chapadera. Chimodzi. Ine changa ndinachiwotcha pa manyazi. Nditabwereranso kusukulu ndili wamkulu, ndinalibenso mpata wopunthwa, ndipo ndinkaphunzira masana n'kumagwira ntchito yosamalira okalamba usiku. Kwa zaka zambiri, pa pepala la malipiro anga pankaoneka mzere wochotsa ndalama za ngongole ya sukulu, ndipo ndinkadziwa kuti zina mwa izo ndikulipira chaka chimene sindinapindule nacho kanthu. Masiku ano n'zoposa pamenepo. Mu 2025 fizi ya chaka chimodzi ku England inakwera kufika pa mapaundi 9,535, lendi ndi chakudya osawerengera. Si ndalama zogulira ulemu kwa azimayi a kutchalitchi.

Ngati giredi ina ikukudabwitsa, ndipo yaphonya ndi malikisi ochepa, pita kwa mphunzitsi tsiku lomwelo. Sukulu ndiyo imapempha bungwe la mayeso, kaya AQA, OCR kapena Pearson Edexcel, kuti liunikenso machongedwe, ndipo pali njira yachangu ya amene malo awo akuyunivesite ali pachiswe. Uza yunivesite kuti wachita zimenezo, uwapemphe akusungire malo. Koma dziwa kuti giredi ikhoza kukwera, kukhala pomwepo, kapenanso kutsika.

Kulembanso mayeso si imfa. Umadikira Meyi ndi Juni wa chaka chotsatira, n'kufunsiranso malo pofika mu Janyuwale. Wofuna zaudokotala, kapena Oxford ndi Cambridge, tsiku lake ndi 15 Okutobala, ndipo ayambe wafufuza chifukwa si sukulu zonse zaudokotala zimene zimalandira magiredi obwereza. Palinso foundation year, chaka chokonzekera digiri isanayambe, palinso degree apprenticeship, kumene umaphunzira uku ukulandira malipiro. Chaka chodikira uli ndi pulani n'chopepuka. Cholemera ndi chokhala m'kalasi imene sukuifuna.

Makolo ako uwauze tsiku lomwelo. Tsiku lomwelo, mwana wanga. Akalipa mwina. Akukumbutsa mashifiti amene agwira, ndi ana a kumudzi amene amawerengera MSCE pa kandulo. Pirira, mkwiyo umenewo sukhalitsa. Mayi anga anamva zoona kuchokera kwa mayi wina pambuyo pa mapemphero, ndipo za D uja anaiwala msanga, koma zoti ndinawanamiza ali chiimire pakhomo zinatenga nthawi kuti zipole. Nanunso makolo amene mukuwerenga nawo, tsiku limenelo mkwiyo muusunge kaye. Mwana akufunika foni, pepala ndi tiyi. Mlandu mudzakamba Loweruka.

Lachitatu madzulo, zotsatira zisanatuluke mawa lake, lowa pa UCAS uone maphunziro amene ali ndi malo, ulembe manambala a mayunivesite atatu kapena anayi amene ungakondedi kupitako, ngakhale ukukhulupirira kuti wakhoza. Pempha tchuthi kuntchito yako ya holide. Ndipo ngati banja likukonza ulendo wa ku Malawi mu Ogasiti, monga timakondera, lankhula tikiti isanagulidwe. Uwauze kuti sabata ya zotsatira iwe ukhala kuno, pafupi ndi sukulu yako, ndipo ndege ya ku Lilongwe udzakwera malo ako atatsimikizika.